Foda ya Mkati Mwenimweni

Tsiku lake loyamba pantchito yolemba mapulogalamu a kompyuta, mtsikana wina anakopera pulojekiti ya kampani pa laputopu yake, koma foda imodzi inabwera yopanda kanthu. Thukuta linali kamukamu ngakhale fani inali pamutu pake penipeni.

"Simunawononge kanthu, asisi," anatero mnyamata wa padesiki yoyandikana, yemwe onse ankamutcha Wamagalasi. "Imeneyo ndi sabumojulo, pulojekiti yokhala mkati mwa inzake. Yakunjayi imangoloza pomwe yamkati ili, ndipo m'yamkatimo mulinso ina. Kokani zonse pamodzi kuchokera pa seva, kompyuta yaikulu yosungira ntchito yathu."

Anakoka. Atatsegula foda ya mkati mwenimweni, yomwe Wamagalasi ankati amaisamala yekha, anangoti kukamwa yasa. Khodi yake, malangizo oyendetsa pulogalamu, inali yaudongo, mzere uliwonse wofotokozedwa moleza mtima. Munthu wolemba chonchi anganame? Mtima wa mwana wamkazi unagwera pomwepo.

Posakhalitsa foni yake sinkapumanso ndi mauthenga a Wamagalasi.

"Kanyenyezi kanga, wadya?"

"Chaka chisanathe, amalume anga akaonekera kwanu. Ndalumbira!"

Koma kunyumba kwake sankamuitana. "Nyumba ya batchala, wokondedwa, ungandithawe."

Tsiku lokaonetsa ntchito kwa kasitomala, pulogalamu inakana kuyenda. Foda yapakati inkaloza zosintha zomwe pa seva panalibe. Wina anazilemba koma sanapushe kuti zifike pa seva, zinatsalira pa makina ake. Wamagalasi sanabwere kuntchito, foni osayankha.

"Uli kuti, mtima wanga?" analemba mtsikanayo.

Anakhala, anaimirira, anakhalanso. Bwana ankangozungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. Kodi wadwala? Wachita ngozi? Mantha atamukulira, anapempha dalaivala wa kampani kuti amuperekeze kunyumba kwa Wamagalasi.

Amene anatsegula chitseko anali mayi wina, mwana ali kumbuyo, maso ofiira ndi tulo.

"Mwachokera kuofesi? Kalanga ine, pepani asisi, wolakwa ndine. Mwanayu watentha thupi kuyambira dzulo, ndiye ndinaiwala kupusha. Lowani."

"Inuyo... mumalemba khodi?"

"Foda yamkatiyo ndimalemba ndine. Amuna anga imawazunguza mutu, ndiye ndimawathandiza mwana akagona. Panopa athamangira kukagula mankhwala."

Mayiyo anakhala pa tebulo lodzaza mabotolo a mwana, natsegula laputopu. Zala zake zinkayenda mosapupuluma, ndipo asanapushe anawonjezera kamzere kofotokoza zomwe wasintha. Kalembedwe kake kanali komwe kaja.

Foni ya mtsikanayo inanjenjemera m'dzanja.

"Kanyenyezi kanga, pepa, ndili kwa amalume, tikukamba za ife."

Anawerenga, nayang'ana chithunzi cha ukwati chomwe chinali pakhoma. Magalasi anali omwewo. Mtima unamupweteka.

"Tayesani kukoka tsopano," anatero mayiyo. "Iii, bwanji misozi? Bwana wakukalipirani?"

"Ayi, mayi," anayankha akuzimitsa foni. "Kungoti mumalemba bwino kwambiri. Khodi yanuyi ndinaikonda tsiku loyamba lomwe, ndiye ndinkaganiza kuti mwini wake ndikumudziwa."