Mimba ya Ababa Yakhala Chete

Kunyumba ankamutcha Kachiwala. Dzinali linamuyenera. Mtsikanayu sankayenda, ankadumpha. Sankakhala pansi, ankangotera pang'ono n'kuulukanso.

Kachiwala ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kumva mwana akugunda m'mimba mwa amayi ake.

Amayi anali oyembekezera. Mimba yawo inali yaikulu. Mwana ankagunda tsiku lililonse. Ababa anali atamumva kale. Azakhali anali atamumva kale. Koma Kachiwala ayi.

"Kachiwala, bwera msanga, akugunda!" amayi ankaitana.

Kachiwala ankabwera chothamanga. Ankaika dzanja pamimba. Zii.

"Dikira pang'ono," amayi ankatero.

Koma Kachiwala ndi kudikira sankamwerana madzi. Ankachotsa dzanja n'kudumphira panja. Akangochoka, mwana ankagunda.

"Mwana ameneyu sandikonda," anatero Kachiwala. Ndipo zinkamupweteka mumtima ndithu.

Tsiku lina amayi anapita naye ku sikelo. Anamwino a kumeneko anali odziwana nawo. Ankakhala mumsewu wa kwawo kwa Kachiwala, nyumba ya geti lobiriwira.

Anamwino anayeza amayi. Anamvetsera pamimba. Kenako anati, "Mwanayu ali bwino. Muzimumvera tsiku lililonse. Mudziwe nthawi imene amakonda kusewera. Akasiya kugunda monga amachitira, musadikire mawa. Bwerani msanga."

Musadikire! Mawu amenewa Kachiwala anawakonda kwambiri. Anali asanamvepo munthu wamkulu akulankhula zanzeru chonchi.

Kuyambira tsikulo, anadzilemba yekha ntchito ya ulonda.

M'mawa ankafunsa, "Amayi, wagunda?"

"Wagunda."

Masana ankafunsa, "Amayi, wagunda?"

"Wagunda."

Amayi akalowa kubafa, iye ankagogoda chitseko. "Amayi, wagunda?"

"Wagunda, iwe! Tandisiya ndisambe!"

Masana ena amayi anakagona kuchipinda. Ababa anatsala pabalaza. Ababa anali atelala. Makina awo osokera ankakhala pafupi ndi zenera. Tsikulo anadya mpunga wambiri. Anawonjezera nthochi. Kenako anatsamira pampando, tepi yoyezera ili m'khosi. Posakhalitsa mkonono unayamba.

Kachiwala anawayang'ana. Batani limodzi la malaya linali litamasuka. Mimba inkasuzumira panja. Inali yaikulu. Inali yozungulira. Inali ngati ya amayi.

Kachiwala anagwira pakamwa.

"Aa! Nawonso ali ndi mwana! Ndiye palibe amene akumulondera!"

Anamumvera chisoni mwana wa ababa. Aliyense ankafunsa za mwana wa amayi. Za uyu, ngakhale mmodzi.

Kachiwala anagwada pafupi ndi mpando. Anaika dzanja pamimba pa ababa. Ulendo uno anadikira. Anadikira mpaka mwendo unachita dzanzi.

Zii.

Anaika khutu.

Zii.

Anagogoda pang'ono ndi chala. "Odi m'katimo?"

Zii.

Mantha anamugwira. Mwana wakhala chete! Ndipo anamwino ananena kuti musadikire.

Kachiwala anatuluka ndi liwiro. Anadutsa amayi ogulitsa tomato. Anadumpha ngalande. Anazemba njinga. Galu wa pagolosale anamuthamangitsa pang'ono, koma anatopa n'kubwerera.

Anafika pa geti lobiriwira. Analimenya ndi manja onse awiri.

"Anamwino! Anamwino! Mwana wakhala chete! Sakugunda!"

Anamwino anali akuchapa kuseri kwa nyumba. Sanafunse zambiri. Anatenga chikwama chawo, thovu lili m'manja. Phazi lina anavala nsapato yawo. Phazi lina anavala nsapato ya amuna awo.

Kachiwala patsogolo, anamwino pambuyo. Anazemba njinga. Anadumpha ngalande. Anadutsa amayi ogulitsa tomato.

Analowa m'nyumba ali wefuwefu.

"Amayi ako ali kuti?" anafunsa anamwino.

"Si amayi," anatero Kachiwala. "Ndi ababa!"

Analoza pampando.

Ababa anadzidzimuka. Tepi inagwa pansi. "Kwagwanji? Kwapsa?"

"Khalani phee, ababa," anatero Kachiwala. "Musaope. Mwana wanu sakugunda, koma ndaitana anamwino."

"Mwana wanga uti?"

"Wa m'mimbamo."

Amayi anatuluka kuchipinda akutikita maso. Anaima pakhomo.

Anamwino anayang'ana ababa. Anayang'ana mimba. Anayang'ana Kachiwala. M'maso mwa mtsikanayo munali misozi. Choncho anamwino sanaseke. Analuma mlomo mwamphamvu. Anatsegula chikwama. Anatulutsa chipangizo chomvetsera.

"Bambo, takwezani malayawo."

"Inunso, anamwino?"

"Takwezani. Ndathamanga kwambiri, sindingabwerere osayeza."

Ababa anakweza malaya. Anamwino anaika chipangizo pamimba.

Mimba inati, "Gululululu!"

"Mwamva chiyani?" anafunsa Kachiwala.

"Ndamva mpunga," anatero anamwino. Anasuntha chipangizo. "Kuno ndamva nthochi. Onse ali bwino."

"Nanga mwana?"

"Mwana mulibe, mwanawe. Abambo sakhala ndi pakati. Iyi ndi mimba ya kudya."

"Ndi ya kukhala pa makina," anatero ababa. Anayesa kumanga batani. Batani linakana.

Apa amayi analephera kupirira. Anaseka. Anaseka mpaka anagwira khoma. Anaseka mpaka anakhala pampando, misozi ili chuchuchu. Anamwino nawonso anamasula mlomo uja. Ababa anayesa kukwiya, koma chiseko chinawagonjetsa.

Kachiwala yekha sanaseke. Manyazi anamugwira. Anathamangira kwa amayi. Anabisa nkhope pamimba pawo.

Anamwino anamusisita pamutu.

"Usachite manyazi," anatero. "Wachita bwino kuthamanga. Mwana akakhala chete, timathamanga chomwecho. Wangolakwitsa mimba basi."

Kachiwala sanadzutse mutu. Sanadumphe. Sanathawe. Anangokhala phee, tsaya lili pamimba pa amayi. Pamimbapo panali pofunda. Anakhala. Anakhalabe.

Gu!

Chinthu chinamugunda patsaya.

Kachiwala anatong'ola maso.

Gu! Gu!

"Amayi! Wandimenya!"

"Wakupatsa moni," anatero amayi.

"Wandimenya patsaya penipeni! Ndi phazi! Amayi, amandidziwa!"

"Angaleke bwanji kukudziwa? Mawu ako amawamva kuyambira m'mawa mpaka madzulo."

Mtima wa Kachiwala unadzaza ndi chimwemwe. Anaseka, misozi isanaume.

Ababa anakhosomola. "Nanga odwala enafe, mwatiiwala?"

Kachiwala anabwezera tsaya pamimba pa amayi. Anaika chala pamlomo.

"Ababa, chonde musasokose," anatero. "Ine ndi mng'ono wanga tikucheza."