Tupochile ndi Sitima ya Mitu Iwiri

Tupochile anali atangofika kumene mumzinda wa Perth. Ankakhala m'dera la Balga ndi amami ndi adadi ake. Iye anali asanakwerepo sitima. Ankafuna kuikwera atakhala pafupi ndi amami.

Tsiku lina masana adadi anati, "Vala nsapato, Tupo. Kwa azakhali ako ku Kwinana kwabadwa mwana."

"Nanga amami?" anafunsa Tupochile.

"Akuweruka kuchipatala. Tikawapeza m'sitima."

Amami anali nesi.

Pasiteshoni foni ya adadi inalira. Anali amami. "Ndili m'bogi yakutsogolo," anatero. Kenako foni inathima. Moto unali utatha.

"Adadi, bogi n'chiyani?"

"Ndi chipinda cha sitima. Sitima imakhala ndi mabogi ambiri."

Sitima inafika. Inali yayitali kwambiri. Tupochile anayang'ana uku. Kunali mutu. Anayang'ana uko. Kunalinso mutu!

"Adadi, kutsogolo n'kuti?"

Adadi ankalimbana ndi foni. "Tiye, tiye, tingolowa!" anatero.

Analowa. Chitseko chinatsekeka. Sitima inanyamuka.

Tupochile anagwira dzanja la adadi. Anayamba kufufuza. Bogi iyi, amami munalibe. Bogi inayo, amami munalibe. Mipando inali yofanana. Mawindo anali ofanana. Zonse zinali zofanana.

Kenako anafika pakhoma. Pakhomapo panali chitseko chokhoma.

"Sitima yathera pano?" anafunsa Tupochile.

Adadi anasuzumira pawindo. "Iii! Ndi sitima ziwiri zolumikiza. Pano sitingadutse."

"Ziwiri? Ndiye mitu ilipo ingati?"

Adadi anangodzikanda m'mutu.

Mwadzidzidzi kunja kunada bii.

"Kwada kale?"

"Ayi, mwanawe. Talowa pansi pa nthaka."

"Pansi pa nthaka? Ngati mbewa?"

"Eee, ngati mbewa."

Tupochile sanaseke. Amami ali kuti?

Sitima inaima. "Tithamange!" anatero adadi.

Anatuluka. Anathamanga. Anadutsa anthu, anthu, anthu. Analowa m'bogi yakutsogolo akupuma wefuwefu. Chitseko chinatsekeka.

Tupochile anayang'ana mpando uwu. Anayang'ana mpando uwo. Amami munalibe!

Pampando wina panali mayi wa njinga. Adadi anamufunsa m'Chingerezi. Mayiyo analoza kumbuyo.

"Akuti chiyani, adadi?"

"Akuti munali nesi. Watuluka pompano. Wathamangira kumbuyo."

Tupochile anasokonezeka. Ife kutsogolo, amami kumbuyo. Ife kumbuyo, amami kutsogolo. Misozi inalengeza m'maso.

"Usalire," anatero adadi. "Ikaima, tithamangirenso kumbuyo."

Tupochile anaganiza. Anaganizanso. Kenako anapukusa mutu.

"Ayi, adadi. Ife tikathamanga, amami athamanganso. Tisemphananso. Tiime pompano."

"Tingoima?"

"Tingoima."

Sitima inaimanso. Chitseko sichinatseguke. Tupochile anachikankha. Chinakana. Anachikoka. Chinakana.

Mayi wa njinga analoza batani. Batanilo linkawala. Tupochile analidina. Chitseko chinatseguka!

Tupochile anaima pakhomo. Adadi anamugwira dzanja. Kunja kunali anthu ambiri. Koma uko, kutali, wina ankathamanga. Anavala yunifolomu ya buluu. Chikwama chinkalendewera paphewa.

"Amami!" anakuwa Tupochile. "Amami! Kuno!"

Amami anayang'ana uku. Anayang'ana uko.

"Kuno, amami! Kuno!"

Chitseko chinayamba kulira, pi, pi, pi. Amami anafika. Analowa. Chitseko chinatsekeka kumbuyo kwawo.

Tupochile anawakumbatira m'chiuno. Sanafune kuwasiya.

"Abambo ake a Tupo," anatero amami akupuma wefuwefu, "sindinati kutsogolo?"

"Ndiye tili kutsogolo," anayankha adadi.

Amami anaseka. Adadi anaseka. Mayi wa njinga sanamve Chichewa, koma nayenso anaseka.

Anapeza mpando wautali. Amami anakhala uku. Adadi anakhala uko. Tupochile anakhala pakati.

Sitima inatuluka pansi pa nthaka. Dzuwa linawala ngwee. Pawindo panaoneka mtsinje waukulu ndi maboti oyera.

"Wanyamula chiyani cha mwana?" anafunsa amami.

Tupochile anapisa dzanja m'thumba. Anatulutsa timasokosi tiwiri tachikasu.

Amami anamupsompsona pamphumi. "Tating'ono bwanji!" anatero.

"Mapazi akenso ndi aang'ono," anatero Tupochile, natsamira paphewa la amami.