Ndani Akutenga Maluwa a Enifa?

Enifa ankakhala ku Mua. Anali ndi khumbo limodzi. Ankafuna kuwaza maluwa pa mdipiti wa Ukaristia. Lamulungu atsikana adzayenda patsogolo pa wansembe. Aliyense adzanyamula kadengu ka maluwa.

Enifa sanafune kuchedwa. Lachinayi anathyola maluwa ofiira pampanda. Anathyola, anathyola, kadengu kanadzaza. Anakaika pakhonde.

Lachisanu m'mawa anasuzumiramo. Maluwa anali atachepa.

Enifa anayang'ana mbuzi. Mbuzi inali pachingwe.

Anayang'ana mlongo wake Lackson. Lackson ankadya mbatata.

"Usandiyang'ane ine," anatero Lackson. "Maluwa sadya."

Masana Enifa anasuzumiranso. Maluwa anali atachepanso. Ndani akutenga? Enifa anabisala kuseri kwa nkhokwe. Anadikira phee.

Panafika mnzake Katerina. Katerina anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Kenako anapisa dzanja m'kadengu.

Enifa anatulukira.

"Ndakuona. Ndiwe ukuba maluwa anga."

"Sindinabe," anatero Katerina.

"Waba, waba. Ndakuona ndi maso angawa."

Katerina anatembenuka n'kupita kwawo.

Enifa sanayang'anenso m'kadengu. Anathamangira kwa Amayi Bernadeta, oyang'anira atsikana kutchalitchi. Anawauza zonse.

"Ngati ndi choncho," anatero Amayi Bernadeta, "Katerina sadzawaza nawo."

Enifa anabwerera kunyumba. Anapeza amayi ake atakhala pakhonde. Kadengu kanali pamiyendo pawo.

"Bwera kuno," anatero amayi. "Gwira duwa ili."

Enifa anagwira. Duwa linali lofota. Linali litakwinyika.

"Pakhonde pano pamawomba dzuwa," anatero amayi. "Maluwa akafota amachepa. Nanga apamwambawa ukuwaona?"

Pamwamba panali maluwa achikasu. Anali ongothyoledwa kumene.

"Pampanda pathu pali achikasu?"

"Ayi, amayi. Achikasu ali kwawo kwa Katerina."

Enifa anazyolika. Katerina sankachotsa. Katerina ankawonjezera.

Amayi anamukhazika pambali pawo.

"Kale ku Italiya kunali mnyamata," anatero. "Dzina lake Dominiko Saviyo. Lero timamutchula woyera. Tsiku lina anzake analakwa kusukulu. Ananamizira Dominiko. Iye sanakuwe. Sanabwezere. Anakumbukira Yesu, amenenso ananamiziridwa. Pambuyo pake choona chinadziwika."

"Ine ndingakhale ngati Dominiko?"

"Ungathe. Koma lero amene wafanana naye ndi Katerina."

"Nanga ine nditani?"

"Kumene wasiya mawu oipa, pita ukawatenge."

"Akandichotsa ineyo, amayi."

"Mwina akakuchotsa," anatero amayi. "Ine ndikuperekeza mpaka panjira."

Enifa anayenda pang'onopang'ono. Anafika kwa Amayi Bernadeta. Anagwada.

"Ndinamunamizira Katerina," anatero. "Sanabe. Ngati mukuchotsa munthu, chotsani ine."

Amayi Bernadeta anamuyang'ana.

"Kapepese kaye," anatero. "Akakukhululukira, mudzabwere nonse awiri. Akakana, iwe udzakhala pabenchi."

Katerina ankatsuka mbale kuseri kwa nyumba. Sanadzutse mutu.

"Katerina, pepa."

Katerina anatsuka mbale ina.

"Pepa kwambiri. Bwanji sunanene?"

"Ndinanena. Iwe unkangokuwa."

"Nanga unkayang'aniranji uku ndi uko?"

"Ndinkafuna upeze kadengu kodzaza. Osadziwa kuti ndine."

"Wakwiyabe?"

"Pang'ono," anatero Katerina. "Tsuka mphikawu, mwina zitha."

Enifa anatsuka mphika. Anautsuka mpaka unawala. Katerina anaseka.

"Iwenso, maluwa sathyola Lachinayi. Amathyola Loweruka. Ukatero umaphimba ndi nsalu yonyowa."

Loweruka anathyola limodzi. Anaphimba limodzi.

Lamulungu belu linalira. Mdipiti unayamba. Enifa anawaza. Katerina anawaza. Njira yonse inali maluwa okhaokha.

Asanafike kutchalitchi, maluwa a Katerina anatha. Enifa anatapa m'kadengu kake. Anathira m'kadengu ka Katerina.

Sanayang'ane uku. Sanayang'ane uko. Koma amayi a Enifa anaona, ndipo anaimba mokweza kuposa onse.