Kaputeni Amene Anamulanda Jethro

Tecla anakumana ndi Jethro pa siteji ya Jumbe mu 1997, tsiku limene lole ya loji ina ya alendo oona nyama ku Mfuwe inaphulika tayala pafupi ndi tebulo lake la nthochi. Jethro anali makaniko wa lojiyo. Anatsika manja ali bii ndi girizi, koma m'malo moyang'ana tayala anayang'ana mwini nthochi.

"Mwaswera bwanji, asisi? Nthochizi n'zokoma ngati kumwetulira kwanuko?"

"Lawani nthochi. Kumwetulirako sikogulitsa," anayankha Tecla.

Tayala loti lisinthidwe mphindi zochepa linadya masana onse!

Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse Jethro ankakwera minibasi kubwera ku Jumbe. Pakamwa pake panali potsekemera, ndipo Tecla anakopeka mpaka kuiwala kuwaza madzi nthochi zake.

"Nyenyezi yanga," ankatero Jethro, "thonje likangotha kuthyoledwa, ankhoswe anga afika kwanu. Ndikanama, ng'ona ya mu Luangwa indidye."

Ndani akanakana lonjezo lokhala ndi ng'ona m'kati?

Mavuto anabwera m'katoni. Mlendo wina anasiyira antchito a pa lojiyo makaseti a vidiyo. Inali nkhani yopitirira ya asilikali oyenda mumlengalenga kukafufuza mayiko ena, ndipo pakati pawo panali mkazi, Kaputeni Verna, msilikali yemwenso anali wasayansi. Bwana analola kuti aziyatsa jenereta Lamulungu masana, gawo limodzi pa sabata. Jethro anasiya kubwera Lamulungu. Ankangoima pa Jumbe Lachitatu, lole ikamapita ku Chipata kukagula katundu.

"Mkazi uja, iwe!" ankayamba asanakhale n'komwe pansi. "Dzanja ili mfuti, dzanja ili makina opimira miyala. Injini ya chombo itazima, amuna onse anagwira m'mutu. Iye anaitsegula yekha!"

"Nanga kusinja chimanga amatha?"

"Ah, Nyenyezi, ukuchita nsanje ndi munthu wa m'bokosi?"

"Munthu wa m'bokosiyo wandilanda Sande yanga."

Jethro ankaseka mpaka misozi. Tecla sankaseka. Anali asanaonerepo kanema chibadwire, choncho Kaputeni ankamujambula yekha m'mutu: wamtali, wosalala khungu, wodziwa zonse zimene iye sanaphunzire pamene anasiya sukulu. Nsanje inkamudya kwambiri, ndipo chowawitsa chinali chakuti iye sakanatha ngakhale kumutukwana mdani wakeyo.

Mvula itatha, nkhani za Kaputeni zinasintha. Zombo ndi injini zinachepa. Tsopano Kaputeni ankagona kutchire kulondola mapazi a zilombo za kumeneko. Ankaseka atagwira pakamwa. Ankakonda tizipatso towawasa.

"Tonga masawu?" anafunsa Tecla.

"Eya, tonga masawu basi."

"Kumwambako kulinso masawu?"

"Kuli zonse, wokondedwa."

Pofotokoza zimenezi mawu a Jethro ankafewa, maso ake n'kumayang'ana kutali. Tecla ankamuthirira tiyi, n'kumafunsabe mafunso ngati munthu wokanda chilonda chake chomwe. Ankafuna kumudziwa bwino mkazi ameneyu kuti amupezere chilema.

Thonje linathyoledwa, linalongedwa, malole analinyamula. Ankhoswe sanaoneke.

"Dikira pang'ono, Nyenyezi. Ukudziwa kuti mtima wanga uli m'manja mwako."

"Ndiye bwerani Sande ino mudzaonane ndi amalume."

"Sande ino ayi. Gawo lake ndi lalikulu, liyamba masana, fotini awazi."

Apa Tecla mtima unamuphulika. Amalume ake adikire chifukwa cha chithunzi? Anaganiza zopita yekha kukamuona mkaziyo ndi maso ake, kuti adziwe chimene ali nacho chimene iye alibe. Lamulungu m'mawa anavala diresi yake ya kutchalitchi, anakonza tsitsi, n'kukwera minibasi ya ku Mfuwe ngati wokapikisana ndi mkazi mnzake.

Kumalo kwa antchito kunali zii. Jenereta sinkalira. M'chipinda chodyera anapeza bambo wachikulire akusenda anyezi, a Langford, khukhi wa pa lojiyo. Pakona panali bokosi lofundikidwa chitenje chodzaza fumbi.

"Muli bwanji, atate? Ndabwera kudzaonera kanema wa Kaputeni."

"Kanema? Mwana wanga, mphezi inawotcha makinawo mu Febuluwale. Kaputeni tinamusiya atatsekeredwa m'phanga. Mpaka lero sitidziwa ngati anatuluka."

Tecla anawayandikira. "Koma a Jethro sabata iliyonse amandiuza gawo latsopano. Ndine Tecla wa ku Jumbe, chibwenzi chawo."

A Langford anaika mpeni pansi. Anamuyang'ana ndi chisoni.

"Ine sindifuna milandu, mwana wanga. Sande iliyonse a Jethro amapita kumsasa uko, kuseri kwa mitengoyo. Kuli Racheal, sikauti woteteza nyama zakutchire amene amagwira ntchito ndi ofufuza mikango. Akuti amakakonza galimoto."

Msasawo sunali kutali. Galimoto inalipodi, koma palibe amene ankaikonza. Pansi pa mtengo panakhala mtsikana wovala yunifomu yobiriwira ndi nsapato zazikulu. Mfuti inali itatsamira thunthu, pambali pake pali chida chamawaya cholondolera mikango. Jethro anali atagoneka mutu pamiyendo yake. Ananena kanthu kena, mtsikanayo n'kuseka atagwira pakamwa.

Tecla anamuzindikira nthawi yomweyo. Ankamudziwa kale bwinobwino, kuyambira zakudya zimene amakonda mpaka kumene amagona!

"A Jethro."

Jethro anadzambatuka ngati waponda moto. "Nyenyezi! Wabwera bwanji? Ima kaye, ndikufotokozere."

"Mwafotokoza kale," anatero Tecla, misozi ikutsika. "Miyezi yonseyi mumabwera patebulo langa kudzanditamandira mkazi wanu, ine n'kumakuthirirani tiyi? Ndinkadana ndi munthu wa m'kanema wosalakwa, pamene inu mumandiseka kuti ndine wamisala!"

"Si choncho, wokondedwa wanga…"

"Musanditchule choncho. Amalume ndinawauza kuti ndinu munthu wachilungamo. Ndikawauza chiyani?"

Racheal anali ataimirira, kuseka konse kutatha. Anayang'ana diresi ya kutchalitchi ija, anayang'ana misozi, kenako anatembenukira kwa Jethro.

"Jethro, mtsikanayu ndi ndani? Paja unati ku Jumbe kuli azakhali ako okha."

Jethro anatembenukira kugalimoto ija ngati wofuna pobisala.

Tecla anapukuta nkhope ndi m'mphepete mwa chitenje. Mtima unkamupweteka kwambiri, koma anaima nji.

"Muuzeni," anatero kwa Jethro. "Kupeka nkhani mumakutha. Ine minibasi ikundidikira."