Duwa la mu Memole Kadi

Mvula ndiyo inawakumanitsa. Mtsikana woluka tsitsi, amene anzake a kusaluni ankamutcha Chipeso, anathawira pakhonde la kashopu ka pasiteji ya minibasi. Mkatimo munali mnyamata wobena nyimbo, wokopera anthu nyimbo m'mafoni, kompyuta yake yomata ndi selotepi, sipika ikulira.

Chipeso anatchera khutu. Mawuwo anali a Namzeze, woimba wa pamtima pake, koma nyimboyo anali asanaimvepo!

"Achimwene, imeneyi yatuluka liti?"

"Siinatuluke, ndipo siidzatuluka," anatero mnyamatayo akumwetulira. "Apa ankangoyeserera. Tamverani, akhosomola, kenako aseka."

Namzeze anakhosomoladi, n'kuseka. Chipeso naye anaseka mpaka kuiwala kuti nsapato zake zadzaza madzi.

Mnyamatayo ankatolera nyimbo zoterozo ngati nkhuku yotola chimanga: marimikisi, zojambulidwa kumadansi akale, ndi zimene Namzeze anaimba asanatchuke. Ankaziphatikiza n'kumabenera anthu m'mamemole kadi. Kuyambira tsiku limenelo, Chipeso anayamba kuphonya minibasi mwadala. Posakhalitsa "achimwene" uja anasanduka "wokondedwa".

Tsiku lina mnyamatayo anamufumbatitsa memole kadi.

"Iyi ndi yako wekha, duwa langa. Ukamvere yomaliza."

Inali nyimbo yokhosomola ija. Koma Namzeze atangoseka, panamveka mawu a mnyamatayo: "Duwa langa, mtima wanga ndaupereka kwa iwe wekha. Sindidzakusiya!"

Ndani sakanasungunuka? Chipeso ankaimvera pochapa, posita, ngakhale potsuka zipeso.

Ndiye kunabwera kasitomala wina, mtsikana wa zikhadabo zazitali. Chipeso ali mkati momuluka, mtsikanayo anatsegula nyimbo pafoni. Namzeze anakhosomola. Anaseka. Kenako...

"Duwa langa, mtima wanga ndaupereka kwa iwe wekha."

"Mwamumva?" anatero kasitomalayo, akugwedeza phazi. "Wobena nyimbo wa pasiteji uja. Wandifera! Mayo! Achemwali, mukundizula tsitsi!"

"Pepani," anatero Chipeso.

Anamaliza mutu wonsewo bwinobwino, chifukwa ntchito ndi ntchito. Kenako anakalowa kuseri kumene amayanika matawulo, n'kulira ngati mwana. Ndiye kuti mawu aja anali a aliyense? Iye anali duwa lachingati?

Analemba meseji: "Usandiimbirenso. Maduwa akowo akukwane."

Yankho linabwera msangamsanga: "Duwa langa, ndalakwanji? Ndiuze, ndikufa kuno!"

Chipeso anangozimitsa foni. Memole kadi anaiponya m'kabotolo ka mapini. Popita kunyumba ankazungulira njira yaitali kuti asadutse pakashopu paja.

Loweruka anakwera minibasi imene amayendetsa mlamu wake, mwamuna wa mkulu wake, bambo wandevu zake ndi mimba yake. Chipeso atakhala kutsogolo, mlamuyo anakweza wailesi. Namzeze anakhosomola. Chipeso anatseka maso.

"Duwa langa, mtima wanga ndaupereka kwa iwe wekha..."

"Sindidzakusiya!" minibasi yonse inamalizitsa, n'kufa nazo nseko.

"Mlamu, mwaona?" anatero dalaivalayo akusisita ndevu. "Nanenso ndine duwa! Mkulu wanu asamve, angandithamangitse."

"Alamu, imeneyi mwaitenga kuti?"

"Kwa mnyamata wanu yemweyo. Aliyense wobenetsa za Namzeze ali nayo. Minibasi zonse zikuimba imeneyi."

Chipeso anatsika pasiteji n'kulunjika kukashopu kuja. Anamupeza mnyamatayo atagwira tsaya, tsitsi losapesa, sipika ili zii. Atamuona anadzuka mpaka kugwetsa mpando.

"Duwa langa!"

"Liti? La ndevu lija, kapena la zikhadabo?"

Mnyamatayo anagwira kumutu. "Ndazindikira dzulo! Nditajambula mawu aja, ndinasunga nyimboyo ndi dzina lake lakale, mufoda ya makasitomala. Inafufuta yeniyeni ija. Ndiye aliyense wofuna za Namzeze ndimangomuthirira foda yonse osamvera. Dzulo agogo ena ogulitsa maambulera abwera kudzandiuza kuti ndachedwa, anakwatiwa kale!"

Chipeso analuma mlomo kuti asaseke. Zinakanika. Anaseka misozi ili mbwembwembwe.

"Ndiye wataya nyimbo yako yosowa ija chifukwa cha ine?"

"Ipite! Bola iwe usapite. Ndikujambulira ina, ya iwe wekha, yotchula ndi dzina lomwe."

"Ayi, bambo," anatero Chipeso akupukuta m'maso. "Mawu okoma amabenedwa, ndadzionera ndekha. Ine ndikufuna chosabeneka. Mawa ukaonekere kwa amayi anga, utavala malaya osita."

"Mawa lomweli? Ndibwere ndi nyimbo?"

"Ubwere ndi mkulu wako. Sipika usiye."

Mnyamatayo anazimitsa kompyuta dzuwa lili paliwombo, anakhoma kashopu kake, n'kuthamangira pakati pa siteji akukuwa:

"Anthuni! Ndani ali ndi simbi andibwereke?"