Hester ndi W Awiri

Amayi a Hester anachenjeza. Anachenjeza kawiri.

"Muzitseka geti. Kahatchi kangathawe. Ndipo zilembozo musamasiye pansi. Kagaluka kamatafuna chilichonse."

Bambo anati, "Ndamva." Hester anati, "Ndamva." Koma palibe amene anamvadi.

Hester anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala m'tauni ya Ludlow, ku England. Bambo ake anali osindikiza mapepala. Ankasanja zilembo chimodzichimodzi. Ankazipaka inki. Kenako ankadinda papepala.

Kahatchi kaja kanali ka Hester. Dzina lake linali Willow. Willow anali wamantha. Mlendo akayandikira, iye ankathawa. Koma akamuitana dzina, ankaima. Ankaima, kenako ankabwera.

Lolemba m'mawa geti linali lotseguka. M'khola munalibe kanthu.

Anafunafuna kumtsinje. Anafunafuna kumsika. Willow sanapezeke. Amayi anayang'ana mitambo. Anati chisanu chachikulu chili pafupi. Kahatchi kogona panja sikangapirire.

Hester ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna Willow abwere chisanu chisanafike.

Bambo anati asindikiza mapepala omata m'misewu. Dzina la kahatchi likhala pamwamba. Likhala la zilembo zikuluzikulu zamatabwa. Munthu aliwerenge ali pangolo. Akaona kahatchi, aitane.

Hester anathamangira zilembo. Anapeza I. Anapeza L awiri. Anapeza O. Dzinalo limayamba ndi W. Limatheranso ndi W. Nanga W ali kuti?

Pansi pa tebulo panamveka kukukuta. Kanali kagalu kaja. W mmodzi anali zidutswazidutswa. W winayo analibe mwendo.

Amayi anangoyang'ana bambo. Bambo anayang'ana denga.

Zilembo zatsopano zinkachokera kutali. Zikanafika patatha masabata awiri. Chisanu sichikanadikira.

Hester anagona chagada pabenchi. Mutu wake unalendewera pansi. Misozi inatsikira kumphumi.

"Dzuka, iwe," anatero amayi. "Magazi athamangira kumutu."

Hester sanadzuke. Zinthu zonse zinali chadodolido. Tebulo linali chadodolido. Nsapato za bambo zinali chadodolido. Pashelefu panali M. Nayenso anali chadodolido, miyendo m'mwamba.

Hester anapukuta maso. Anayang'ananso.

"Ababa, tamutembenuzani M uyo."

Bambo anamutembenuza. Anamuika patsogolo pa I. Anabwerera pang'ono m'mbuyo.

"Ha! Mwana iwe. Ndi W ameneyu."

W mmodzi anapezeka. Koma M wamkulu anali yekhayo. W wachiwiri panalibe.

Tsopano Hester sanalirenso. Anatsitsa zilembo zonse. Anazitembenuza chimodzichimodzi. H anakhalabe H. S anakhalabe S. O anakhalabe O. N anagona cham'mbali, nasanduka Z. Koma palibe amene anasanduka W.

Anatsala V awiri. Hester anatembenuza mmodzi. Sizinathandize. Anamubweza. Anamuika pambali pa mnzake. V ndi V anagundana mapewa.

Hester anakoka malaya a amayi.

"Amama, mukuona chiyani apa?"

Amayi anawerama. Anayang'anitsitsa, monga ankachitira ndi chilichonse.

"Ndikuona W," anatero. "Wonenepa, koma W."

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Anati osindikiza akalekale ankachita zomwezo. W akasowa, ankaphatikiza V awiri. Bambowo anali ataiwala. Mwana wawo anazipeza yekha.

Bambo anapaka inki. Hester anaika pepala. Amayi anati asamale zala. Ulendo uno Hester anamva.

Dzina linatuluka lakuda bii. W woyamba anali wowongoka ngati msilikali. W womaliza anali wotambalala ngati bakha.

Anamata mapepala pamsika. Anamata pamlatho. Ena anapatsa a Dunn, onyamula mkaka pangolo. A Dunn ankafika kumidzi yonse yakumapiri.

A Dunn anayang'ana pepalalo. Anapendeketsa mutu.

"Bambo a Hester, mwasindikiza muli m'tulo kodi? W uyu wadya chiyani?"

"Funsani abwana anga awa," anatero bambo, akuloza Hester.

Anthu pamsika ankaima. Ankaloza W wonenepa. Ankaseka. Akaseka, ankawerenga. Akawerenga, ankakumbukira dzina.

Lachiwiri linadutsa. Lachitatu linadutsa. Mphepo inayamba kuluma makutu. Amayi sankachoka pawindo.

Lachinayi madzulo, ali pa chakudya, ngolo inaima pakhomo. Anali a Dunn. Analowa osavula chipewa.

Anati kuseri kwa phiri kuli mayi wina woweta nkhosa. Mayiyo anaona pepala lija pachitseko cha tchalitchi. Anaseka W wonenepa. M'mawa mwake anaona kahatchi m'tchire. Kanayamba kuthawa. Iye anaitana, "Willow." Kahatchi kanaima. Kanaima, kenako kanabwera.

"Ali m'khola la nkhosa," anatero a Dunn. "Akudya udzu wa eni ake mopanda manyazi."

Hester analumpha. Supu inatayika. Kagalu kananyambita. Palibe amene anakalipa.

Bambo anati apita Loweruka. Amayi anapukusa mutu. Anali atayang'ana kale mitambo.

"Chisanu chigwa mawa masana. Tinyamuka kusanache. Tonse atatu."

"Ndamva," anatero bambo.

"Ndamva," anatero Hester.

Hester anatola zilembo zonse pansi. Anaziika pashelefu yapamwamba. M anamuika chadodolido. V awiri anawagundanitsa mapewa. Kenako anaika nsapato zake pakhomo, pafupi ndi chingwe cha Willow.