Chipinda Chosowa pa Mapu

Loweruka lililonse, Kanunkhiza kankalavula utsi wabodza m'nyumba ya a Chidzanja ku Area 49. Kanali kamakina kotalika ngati ndowa, koyenda pa matayala, kodziwa kununkhiza kuposa galu. Timakina totere tinali titagawidwa m'nyumba zonse kuti tiziphunzitsa ana kuthawa moto.

"Utsi umakwera m'mwamba, inu kwawani," kankatero. "Chitseko chikatentha musatsegule. Mukatuluka, osabwereranso."

Mwandida, wa zaka zisanu ndi zinayi, ndi mlongo wake Chikaiko ankakwawa mpaka pansi pa mtengo wa mapeyala, maondo ali mbuu.

Tsiku limene kanabwera, mmisiri amene anakabweretsa anafunsa ngati kajambule zipinda zonse pa mapu ake, poti kamaona anthu a m'zipinda zojambulidwa zokha.

"Kupatula kuchipinda kwathu," anatero a Chidzanja. "Ana obereka ndekha salowako, ndiye chitini ichi?"

Mmisiri anangoseka n'kuchisiya chipindacho. Pa nyumba ya eni sutsutsa.

Moto weniweni unabuka Lachitatu masana, mayi wa anawo ali kumsika. Batire la njinga yamagetsi linaphulika pabalaza. A Chidzanja, amene ankagwira ntchito yausiku, anali m'tulo tofa nato. Ana anakwawa monga mwa masiku onse, koma Mwandida atafika pa chitseko cha makolo anagwada.

"Odi, ababa," anatero. "Odi."

Kunali zii.

"Pamenepo ndi pakhoma. Tuluka," kanatero Kanunkhiza.

Mtima unamuwawa, koma anamvera.

Tindege tozimitsa moto tinafika mosachedwa, pamodzi ndi mayi wina wotsogolera tindegeto. Kanunkhiza kanamutumizira mapu ndi uthenga woti anthu onse atuluka.

"Ababa ali kuchipinda," anatero Mwandida akulira.

"Chipinda chiti, mwanawe? Pamapupa palibe."

Mtsikanayo anamukoka dzanja mpaka pa zenera lakuseri. Mayiyo anadula zitsulo za pazenerapo n'kuwatulutsa a Chidzanja atakomoka.

Moyo anapulumuka nawo, koma utsi unawadya mapapo. Ntchito inathera pomwepo, ndipo mpaka lero amapumira kachubu ka mpweya. Atayamba kulankhula kuchipatala, anaitana mwana wawo.

"Chitseko chija sichinali chokhoma, Mwandi. Bwanji sunangokankha?"

"Ndinaodira, ababa. Simunandiyankhe."

A Chidzanja anatembenukira kukhoma. Mwanayo anali atasunga zonse zimene anaphunzitsidwa, za makina ndi za makolo zomwe. Panalibe amene anamuuza kuti pali tsiku lina limene mwana amalowa osadikira kuyankhidwa.